Mlandu wa Mwana Wojambula

Mwezi uno tabwera kwa inu ndi mlandu, ndipo tiyambe ndi kuulula kuti ife tomwe olemba mau ano tiri m'gulu la opalamula. Si mlandu wa malire a munda kapena wa mbuzi yodya cimanga ca eni ai, koma wa ana athu amene anabadwa ndi luso m'zala, luso la kujambula, la kusema ndi la kuumba. Ana amenewa tiwanyoza ali ang'ono, tiwaiwala atakula, ndipo potsiriza tidabwa poona kuti nchito za manja ao zonse zikwera ndege kunka kwa alendo. Cimene tifuna kunena ndi ici: mmisiri ajambulira iye amene amlipira, ndipo popeza ife a kumudzi takana kumlipira, takananso kumlemekeza, nkhope za makolo athu ndi mapiri a kwathu zasowa wozijambula. Amene afuna kutsutsana nafe aleze mtima, ayambe wamva nkhani yonse.

Nyengo ya masika yapitayi tinatsika ku mapiri athu a Neno kunka ku Blantyre pa nchito ya sukulu. Tinadzera pa Zalewa, pamene matumba a makala andanda m'mbali mwa mseu, tinaoloka Shire, ndi kulowa mu mzinda dzuwa liri pamutu. Titatha cimene tinadzera, tinayendayenda m'miseu ya pakati pa mzinda, pamene anyamata ayala pansi ziboliboli ndi zithunzi za pansalu kudikira ogula. Pomwepo mmodzi wa iwo anaimirira, nabvula cipewa cace, nati, "Aphunzitsi, kodi mwandiiwala?" Tinamyang'anitsitsa, ndipo manyazi anatigwira, pakuti anali mnyamata amene tinamphunzitsa kale mu Sitandade 5, amene tsiku lina tinamkwapula pamaso pa anzace cifukwa m'kope lace la masamu tinapezamo ng'ombe. Tikumbukira bwino lomwe kuti inali ng'ombe yeniyeni, ya nyanga imodzi yoweramira pansi, ndipo ana onse anaizindikira kuti ndi ya atsibweni ace. Koma ife, ndi maphunziro athu onse, tinaona pepala loonongeka cabe.

Iye sanatikumbutse za ndodo ija, koma anatipatsa moni waulemu, natiyalira nchito zace kuti tione. Panali njobvu, panali mikango, panali mlambe dzuwa likulowa, asodzi m'bwato, ndi akazi osenza mitsuko, atali ngati nsungwi ndi opanda nkhope. Zinali zokongola ndithu, koma zinafanana ndi za mnzace wa kudzanja lamanja ndi za mnzace wa kulamanzere, monga anapiye a nkhuku imodzi. Tinamfunsa kuti, "Mwanawe, iwe wobadwira ku mapiri, bwato unaukwera liti? Mkango unakomana nao kuti? Bwanji sujambula kwanu, minda ya tirigu ndi ya mbatata pa zitunda, amai ako ali pa mtondo, kapena msika wa manacesi?" Iye anaseka pang'ono, nayankha, "Pepani aphunzitsi, ndani wa ku Neno adzagula? Mlendo afuna njobvu, ndipo ndimpatsa njobvu. Ndikajambula amai ndigona ndi njala." Tinasowa coyankha. Funso lacelo tinabwera nalo kumudzi, ndipo lero tilitula pamaso panu.

Tidziwa mau amene ambiri a inu mudzayankha, pakuti tawamva m'mabwalo ndi m'misonkhano ya makolo, ndipo ife tomwe tinawanenapo. Mau oyamba ndi akuti, "Kujambula nkusewera, sikudyetsa munthu." Tiyeni tiwayese mau amenewa. Mnyamata akagwetsa mlombwa umene unamera atate wace asanabadwe, nauocha makala, nagulitsa pa mseu, ndalama yace nkutha mwezi usanathe, timchula wolimbika, ndipo akadza kudzafunsira mbeta timlandira ndi manja awiri. Koma mnzace akatenga nthambi imodzi ya mtengo womwewo, nakhala nayo pa mthunzi milungu itatu ndi sompho ndi mpeni, natulutsamo cinthu cimene cidzafika kwa zidzukulu, timchula waulesi. Kodi muyeso umenewu ndi wolungama? Mmodzi wasandutsa mtengo kukhala phulusa, wina wausandutsa cuma. Nanga wosewera ndani?

Ndipo si zoona kuti luso silidyetsa. Yendani ku Limbe kapena ku Ndirande, muwerenge makoma: pa khomo la wometa pali mitu yometedwa bwino, pa khomo la wogulitsa nyama pali mbuzi, pa sitolo pali sopo ndi buledi, ndipo wosadziwa kuwerenga apeza cimene afuna osafunsa munthu. Zonsezo anajambula ndi anthu, ndipo analandirapo ndalama. Maluwa a pa citenje cimene mwabvala ku mapemphero anayamba ndi dzanja la munthu pa pepala. Zithunzi za m'mabuku a ana athu, ndi za pa khoma la cipatala zophunzitsa kusamba m'manja ndi kugona m'masikito, nazonso sizinagwe kumwamba ngati mvula. Tidya nchito ya wojambula tsiku ndi tsiku, koma mwini nchitoyo sitimuwerengera.

Ku Mua, m'boma la Dedza, m'caka ca 1976 wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo ochedwa Kungoni, nasonkhanitsa anthu a m'midzi yozungulira kuti aphunzire kusema ndi kujambula. Anthu amenewo sanali ophunzira kopambana ife; anali alimi ndi ana a alimi. Koma zosema zao zinalowa m'machalichi a m'Malawi muno ndi a kunja, kufikira mu mzinda wa Munich ku Germany, ndipo mabanja ambiri anadya, nabvala, naphunzitsa ana ndi nchito imeneyo. Pamalo pomwepo pali nyumba ya Chamare yosungiramo za miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao, ndipo anthu acokera kutali kudzaiona. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tibvomera. Koma luso lenilenilo mlendoyo sanabwere nalo m'thumba, analipeza m'midzi momwemo.

Tichulenso ana awiri a dziko lino. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre m'caka ca 1973, nakakhazikika ku Johannesburg. Nchito yace ndi ya singano ndi ulusi: adula zidutswa za nsalu ya silika, nazisoka pamanja kufikira zitapanga cithunzi ca mai ndi mwana wace, kapena ca munthu ali pa nchito za m'nyumba, ndipo zithunzi zimenezi zaonetsedwa m'nyumba zazikuru za luso ku Ulaya ndi ku America. Kodi singano yace isiyana bwanji ndi ya amai athu osoka zigamba, koma kuti iye anapeza anthu oilemekeza? Winayo ndiye Samson Kambalu, wobadwa m'caka ca 1975, amene anaphunzira za luso ku Chancellor College ku Zomba, nafika pophunzitsa ku yunivesite ya Oxford. M'mwezi wa September 2022 cifanizo cacikuru cimene iye anapanga cinaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square pakati pa London, ndipo cinakhala pomwepo kufikira 2024. Cinali ca John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, ataima pamodzi ndi mmishoni John Chorley, cipewa ciri kumutu. Pakuti masiku amenewo munthu wakuda sanaloledwe kubvala cipewa pamaso pa Mzungu. Mmisiriyo anapanga Chilembwe wamtali kuposa Chorley, kuti iye amene anacepsedwa aoneke msinkhu wace. Anthu ambirimbiri amene sanamvepo dzina la Chilembwe analimva cifukwa ca manja a mwana mmodzi wa Malawi. Kodi kumeneku nkusewera?

Tisanamizane, si mwana ali yense wojambula adzafika ku London, monganso si mwana ali yense wodziwa masamu adzakhala mkuru wa banki. Amisiri ambiri a mu mzinda ndi osauka, ndipo mnyamata wathu uja agona m'kacipinda ka lendi. Koma umphawi wao ucokera kuti? Ucokera kwa ife, eni dziko, amene sitigula. Timana mmisiri msika, ndipo akaonda timloza ndi cala ndi kuuza ana athu kuti, "Taonani mathero a kujambula." Kumeneko nkumana nkhuku madeya ndi kuidzudzula kuti yaleka kuikira.

Mau aciwiri ndi a ife a mumpingo makamaka, akuti, "Zosemasema ndi mafano, Mkristu asazikhudze." Mau amenewa sitiwapeputsa, pakuti acokera mu mtima woopa kucimwa. Koma tiyeni tisiyanitse zinthu. Fano ndi cinthu cimene munthu acigwadira ndi kucipempha mvula kapena moyo. Chimo liri m'kugwadako, si mu mpeni kapena mu utoto ai. Buku lomwelo la Eksodo limene liletsa kupembedza mafano litiuzanso za Bezaleli, mmisiri wa mitengo, miyala ndi golidi, amene luso lace linayesedwa mphatso ya Mulungu, naikidwa kukongoletsa cihema copatulika. Ndipo amene munafikako ku Blantyre munaona chalichi ca St Michael and All Angels, cimene cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, wotsogolera ali David Clement Scott, ndi manja a anthu akuda amene sanamangepo nyumba yotere ndi kale lonse. Njerwa zace anaziumba za maonekedwe ambirimbiri, kuti nyumbayo isangokhala yolimba koma yokongolanso. Kodi makolo amenewo anacimwa pofuna kuti nyumba yopemphereramo ikondweretse maso?

Ndiponso tiyang'ane m'nyumba zathu tisanaweruze. Pa khoma pali kalendala ya zithunzi za nyumba za maiko ozizira, ndi za ana a anthu amene sitidziwa maina ao. M'thumba muli lamya yodzaza ndi zithunzi. M'kacikwama muli ndalama ya K2000 yokhala ndi nkhope ya Chilembwe, ndipo sitinamve munthu ali yense akuikana kuti ndi fano, ngakhale igwe m'mbale ya copereka. Tsono ngati cithunzi cosindikizidwa ndi makina kutsidya kwa nyanja ciri coyera, cidetsedwa bwanji cikapangidwa ndi mwana wa mlongo wathu? Kunena zoona, sitidana ndi zithunzi. Tidana ndi kulipira mnansi.

Mau acitatu ndi akuti, "Izi nza Azungu, makolo athu sanazidziwe." Awa ndiwo mau opanda maziko koposa onse. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 pamene anthu akale anajambula pa matanthwe, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la cuma ca dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira ndi za Akafula, amene anakhala m'dziko muno makolo athu asanafike. Zoyera ndi za Acewa, ndipo zina za izo zinali zolangizira ana pa cinamwali. Onani tsono kuti akale anaphunzitsa ndi zithunzi bolodi ndi coko zisanaoneke. Ndipo tisapite kutali: ndani anaphunzitsa agogo athu kulemba mizere pa khosi la mtsuko, kuluka licero la mawanga, kapena kuzira khoma ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera? Ndani aphunzitsa abusa a mbuzi kuumba ng'ombe zadothi kudambo, kapena kupinda galimoto ya waya yokhota bwino ngati yeniyeni? Luso ndi lathu kuyambira kale. Cacilendo ndi kulinyoza.

Tsono tibwerere ku mzinda, pakuti nakonso kuli mlandu. Ku Blantyre ziripo zinthu zoyamikika. M'caka ca 2009 kunayambika cikondwerero ca Blantyre Arts Festival, kuti oimba, ocita masewero ndi ojambula aonetse nchito zao. M'nyumba yakale ya Mandala, yomangidwa m'caka ca 1882, akhala akupacikamo zithunzi za amisiri a dziko lino kuti anthu aone ndi kugula. Ku Chichiri kuli nyumba ya boma yosungiramo zakale. Koma kumbukiraninso malo aja amene Afalansa anali kusamalira, ochedwa French Cultural Centre, kumene amisiri a mitundu yonse anali kukomana. Eni ace atacoka m'caka ca 2011, malowo analowa m'manja mwathu. Akuba analowamo natenga zipangizo, ndipo anakhala zaka zambiri osakonzeka. Pamene mlendo anali kusesa, pabwalo panali poyera. Atatisiyira tsace, tinalitaya kudzala. Mtima umene unakwapula mwana m'kalasi ku Neno ndi womwewo umene unalekerera nyumba ija ku Blantyre.

Ndipo kwa inu amisiri a mu mzinda, ana athu, tiri nao mau. Mwazolowera kuonetsa nchito zanu m'mahotela ndi m'nyumba za mipanda, kumene munthu wa pfumbi kumapazi aopa kulowa. Makalata oitanira anthu muwalemba m'Cingerezi cokhacokha, ndipo mitengo muichula m'madola. Mudandaula kuti Amalawi sakonda luso, koma ndi liti munanyamula zithunzi zanu kudzaziyala pa Neno kapena pa Lisungwi tsiku la msika, kuti anthu aone ndi kufunsa? Munthu sakhumba cimene sanacione. Ndiponso njobvu ija mwaijambula mokwanira. Mlendo akwera ndege nabwerera kwao. Ndipo m'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka njira, alendo naleka kubwera, munaona nokha kuti msika wodalira mlendo uli ngati madzi a m'cithaphwi, oonekera m'dzinja cabe. Mukafuna citsime cosaphwa, kumbani kwanu.

Koma ife aphunzitsi ndiwo mlandu wathu ukula koposa. Phunziro la luso liripo m'ndandanda wa maphunziro a pulaimale, ndipo lifunsidwa pa mayeso a Sitandade 8. Nanga tiliphunzitsa motani? Tilemba pa bolodi kuti kuluka nciani, kuumba nciani, zida za wosema ndi ziti. Ana akopera, naloweza, nakhoza mayeso, osakhudzapo dothi kapena mlaza ngakhale tsiku limodzi. Kumeneko nkuphunzitsa mwana kulima ali pa mkeka. Tikafunsidwa tinena kuti boma silinatumize zipangizo. Kodi dothi la kudambo lidikira galimoto ya boma? Makala, mlaza, nsungwi, bango, katondo ndi phulusa, zonsezi ziri kuseri kwa sukulu, zosagula. Ku sukulu ya uphunzitsi anatilangiza kuti nzeru za m'mutu ndi za m'manja zikulire pamodzi. Ife tasunga za m'mutu, ndipo manja a ana tawamanga kumbuyo. M'mudzi uli wonse muli nkhalamba yodziwa kuumba mbiya kapena kuluka nkhokwe, imene ikadakondwa kuitanidwa ku sukulu. Koma tiiyesa mbuli cifukwa siikhoza kulemba dzina lace.

Makomiti a sukulu ndi a mpingo, nanunso imvani. Tinaona ndi maso athu pa sukulu ina m'boma lino: womanga analipidwa zace zonse, kalipentala analipidwa, ngakhale wotunga madzi analandira kanthu; koma mnyamata amene anakhala masiku asanu ndi limodzi pa makwerero, kujambula mapu a Malawi ndi ziwalo za thupi pa khoma kuti ana aphunzirepo zaka zambiri, anapatsidwa nsima ya nyemba ndi mau akuti, "Zikomo, uli ndi mphatso." Inde ali ndi mphatso, koma utoto sagula ndi zikomo. Caka cotsatira komiti yomweyo inadabwa pakumva kuti mnyamatayo wapita ku mzinda. Tiitana mmisiri monga tiitana kamwana kudzatithyolera mango, ndipo tiyesa kuti popeza nchitoyo aikonda, kuikondako ndiwo malipiro ace. Nanga mlimi wokonda munda wace timlanda cimanga?

Wina adzati, "Tikapanda zithunzi titaya ciani?" Titaya cikumbukiro, ndipo mtundu wopanda cikumbukiro uli ngati mwana wamasiye wosadziwa mudzi wa amace. Samson Kambalu anakhoza kupanga cifanizo cija cifukwa panatsala cithunzi ca m'caka ca 1914, cojambulidwa pa kutsegulira chalichi ca Chilembwe. Cikadatayika cimeneco, cipewa cija sicikadaoneka ku London. Kwathu kuno mishoni ya Akatolika ya Neno inayamba m'caka ca 1906, ndi ya Matandani m'caka ca 1908. Maina a Azungu oyambitsa alembedwa m'mabuku. Nanga aphunzitsi akuda oyamba, amene anayenda pansi m'mapiri muno ndi sileti m'manja, nkhope zao zipacikidwa pa khoma liti? Dera lathu linakhala boma palokha m'caka ca 2003, litapatuka ku Mwanza. Kodi m'kalasi mwanu muli cithunzi ca mafumu athu akale, ca mtsinje wa Lisungwi, kapena ca nkhalango zimene ana a lero azimva m'nkhani cabe? Musati lamya yakwanira. Lamya ijambula cokhaco ciri patsogolo pace lero, ndipo ikagwa m'madzi zonse zatha. Koma mmisiri akhoza kukhala pansi ndi nkhalamba, namva m'mene mudzi unaliri mitengo isanathe, naubwezera pamaso pathu. Nkhalambazo zirikutha imodzi imodzi, ndipo zipita nazo zimene zinaona.

Cifukwa cace tipempha zinthu zinai, ndipo palibe cimodzi ca izo cofuna cilolezo ca ku Lilongwe kapena thandizo la kunja. Coyamba, makolo ndi aphunzitsi, mukapeza mwana akujambula musamkwapule. Mpatseni pepala lina, mumuuze kuti masamu akhale m'kope lao ndi ng'ombe m'kope lace. M'mera mpoyamba. Masamu aphunzire ndithu, pakuti mmisiri wosadziwa kuwerengera adzaberedwa pa msika. Caciwiri, sukulu iri yonse ipatule tsiku limodzi pa mwezi la nchito za manja zenizeni, iitane amisiri a m'mudzi, ndipo potsekera caka nchito za ana ziyalidwe poyera pamodzi ndi zotsatira za mayeso, kuti mwana wa luso naye aomberedwe m'manja. Cacitatu, komiti iri yonse yomanga kanthu ilembe malipiro a wojambula m'buku limodzi ndi a womanga, ndipo apangane mtengo nchito isanayambe. Cacinai, mabanja amene musonkha ndalama za ciliza ndi za nsalu ya ukwati, sonkhaninso kamodzi kuti mmisiri ajambule agogo anu akali moyo. Mutu umodzi susenza denga; mtengo umene ulemera munthu mmodzi upepuka pa abale khumi.

Tisanacoke ku Blantyre tsiku lija tinabwerera kwa mnyamata uja, ndipo tinacita cimene mphunzitsi sacita kawirikawiri: tinapepesa cifukwa ca ndodo ija. Pamenepo tinampempha kuti atijambulire sukulu yathu yakale ya udzu, ndi mkuyu umene unali pakhomo pace, ndi ng'ombe ija ya nyanga yoweramira pansi iri kudya msipu pambali. Anachula mtengo wace, ndipo sitinanenerere. Tinalipira theka pomwepo, ndi theka lina pa kutha kwa mwezi. Cithunzico tsopano ciri pa khoma la Sitandade 5. Tsiku limene cinafika, atsibweni ace, amene tsopano ayenda ndi ndodo, anaima patsogolo pace nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo potsiriza anati, "Ng'ombe imeneyi inafa caka ca njala."

Cithunzi cimodzi sicilipira mlandu wa zaka zonsezi, ndipo mnyamatayo akali kujambula njobvu kuti adye. Koma akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Ndipo ana otere tiri nao m'mudzi uli wonse, ena a iwo adzakhala m'kalasi mawa lino akubisa kapepala pansi pa kope. Funso la mnyamata uja likali ciimire: ndani wa ku Neno adzagula? Amene aona kuti talakwa alembe kalata kwa Mkonzi, ndipo tidzamyankha mwaulemu mwezi wa mawa. Koma amene abvomerezana nafe asabvutike ndi kalata ai. Apite akafune mmisiri wa m'mudzi mwace, amfunse mtengo.